Katemera wa fuluwenza pa kiliniki ya boma: funsani chisanu chisanafike

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Nthawi ya pulogalamu yathu ya zaumoyo yakwananso. Lero tikulankhula makamaka ndi abale athu amene ali ku South Africa, kaya ndi ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Durban kapena m'mafamu. Inunso amene muli kumudzi koma muli ndi mwana, mlongo kapena mwamuna ku Joni, musatseke wailesi, poti foni mumaimbirana ija ikhoza kunyamula uthengawu. Nkhani yake ndi ya katemera wa fuluwenza amene amaperekedwa m'makiliniki a boma kumeneko. Muno ndili ndi anamwino. Mayi, takulandirani.

NAMWINO: Zikomo bambo, ndathokoza. Moni kwa omvera onse.

WOULUTSA: Ndiyambe ndi funso limene lili pakamwa pa aliyense. Chimfine tinakula nacho ife. Munthu amangomwa Panado, madzi a mandimu otentha, mawa lake ali pa ntchito. Zoona mpaka jakisoni?

NAMWINO: Chimene mukunenacho ndi chimfine wamba, chija cha mamina ndi kuyetsemula, munthu n'kumayendabe. Fuluwenza ili ndi kachilombo kakekake ndipo kabweredwe kake n'kosiyana. Imagwira mwadzidzidzi. M'mawa munadzuka bwinobwino, pofika masana thupi latentha, mukunjenjemera, mutu ukuwawa, m'thupi monse mwaphwanya, kukhosi kukukanda, kenako chifuwa chouma chija chosatulutsa kanthu. Munthu wamphamvu zake amagona masiku angapo, pakatha sabata n'kudzuka, ngakhale chifuwa ndi kufooka zimatsalira kwa masabata awiri kapena kuposa. Ambiri amachira okha, zimenezo sindikana. Koma pali ena amene kachilomboka kamawatsikira m'mapapo n'kuyambitsa chibayo, kapena kamatsegulira njira mabakiteriya amene amadzamaliza ntchito. Kwa amene ali kale ndi nthenda ya mtima, shuga kapena mphumu, fuluwenza imadzutsa nthenda yakaleyo. Pamaliro anthu amati wapita ndi mtima, osadziwa kuti chinayambitsa ndi chifuwa chija cha sabata yatha.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu pakati pa 290,000 ndi 650,000 amamwalira ndi matenda a m'mapapo obwera ndi fuluwenza. Ku South Africa kokha, akatswiri amawerengera anthu pakati pa 6,000 ndi 11,000 pachaka. Pafupifupi theka la iwo ndi okalamba, ndipo gawo lina lalikulu ndi la anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV.

WOULUTSA: Mwatchula South Africa, ndipo dziko limenelo linaiona nthendayi pa ukali wake. Mu Sepitembala 1918, nkhondo yoyamba yapadziko lonse ili pafupi kutha, sitima ziwiri za pamadzi, Jaroslav ndi Veronej, zinakocheza ku Cape Town zitanyamula amuna achikuda amene ankagwira ntchito ya nkhondo ku Ulaya. Panjira zinaima ku Freetown, kumene mliri unali utabuka kale. Amunawo atatsika anakwezedwa sitima za pamtunda kupita kwawo, ndipo nthenda inayenda nawo m'njanji momwemo. Wolemba mbiri Howard Phillips anawerengera kuti anthu pafupifupi 300,000 anafa m'dzikomo m'masabata asanu ndi limodzi okha. Chaka chisanathe mliri unali utafika kwathu ku Nyasaland, kumene anthu anali atatopa kale ndi njala komanso ntchito ya utengatenga pa nkhondo. Nthawi imeneyo palibe amene ankadziwa n'komwe chimene chikupha anthu. Kachilomboka anadzakapeza mu 1933 ku London, ndipo katemera woyamba anayamba kugwira ntchito m'zaka za m'ma 1940.

NAMWINO: Ndipo njira imene mliri uja unayendamo ndi yomweyi ya lero, bambo: anthu odzazana pamalo amodzi, mpweya wosayenda. Taganizani takisi ya m'mawa mu Juni, mawindo onse otseka chifukwa cha chisanu, anthu khumi ndi asanu akupumirana. Taganizani chipinda chimodzi chogonamo anthu anayi, mmene abale athu ambiri amakhalira kuti lendi ichepe. Kachilomboka kamayenda m'timadontho totuluka munthu akamatsokomola, akamayetsemula, ngakhale polankhula. Chovuta n'chakuti munthu amayamba kupatsira anzake kutatsala tsiku limodzi kuti iye mwini amve kudwala. Ndiye zoti ndizingomupewa amene akutsokomolayo sizikwanira.

WOULUTSA: Tsono tifike pa kiliniki. Aliyense akhoza kungopita n'kukabayitsa ulere?

NAMWINO: Ayi, ndipo apa ndi pamene ndikufuna omvera atchere khutu. Kuyambira mu 2010, utangodutsa mliri wa fuluwenza wa 2009 uja, boma la South Africa limagula katemerayu chaka ndi chaka n'kumugawa m'makiliniki ake. Koma siligula wokwanira dziko lonse. Amagulidwa wochepa, ndipo amasungidwira anthu amene fuluwenza ikhoza kuwagoneka m'chipatala kapena kuwapha. Oyamba ndi amayi oyembekezera, mimba ikhale ya miyezi ingati, pamodzi ndi amene angochira kumene. Kenako anthu amene ali ndi HIV, azaka 65 kupita m'tsogolo, odwala shuga, mtima, impso, mphumu ndi matenda ena a m'mapapo kuphatikizapo chifuwa chachikulu. Ogwira ntchito m'zipatala nawonso ali momwemo, poti ndi amene amakhala pakati pa odwala tsiku lonse. Kwa anthu amenewa ndi ulere. Koma ngakhale pakati pawo, wofika msanga ndiye amabayidwa. Akatha mu fuliji, watha.

WOULUTSA: Nanga mnyamata wazaka 30 wopanda vuto lililonse, woti amagwira ntchito pa galaja?

NAMWINO: Ameneyo akafuna akagule ku famase. Masitolo ngati Clicks ndi Dis-Chem amabaya, madokotala apadera amabayanso, ndipo mabwana ena amalipirira antchito awo. Ndingamulimbikitse ngati m'nyumba mwake muli khanda kapena gogo, kapena ngati ntchito yake ndi yolera ana ndi kusamala okalamba, monga achemwali athu ambiri ogwira ntchito za m'nyumba. Palinso nkhani ya ndalama. Munthu wa ganyu akagona sabata yathunthu palibe amene amamulipira masiku amenewo, ndipo nthawi zina akabwerera amapeza pamalo pake pali wina.

Koma mtima wanga uli pa gulu loyamba lija, chifukwa pali chinthu chimene chimandiwawa. Anthu amene akuyenera kulandira katemerayu ulere ndi omwewo amene amabwera kale ku kiliniki. Mayi woyembekezera amabwera ku sikelo. Wa ma ARV ali ndi tsiku lake. Wa shuga amabwera kudzatenga mankhwala. Amakhala pa mzere kuyambira mbandakucha, amalowa, amayezedwa, amatenga mankhwala n'kutuluka, katemera ali mu fuliji ya chipinda chomwecho. Namwino amene waona anthu makumi angapo chiyambire m'mawa sangakumbuke kuuza aliyense. Ndiye musadikire kuuzidwa. Funsani nokha. Kumeneko anamwino amawatchula kuti Sister. Nenani kuti, Sister, katemera wa fuluwenza wafika? Ine ndili m'gulu loyenera kubayidwa. Ngati Chingelezi kapena Chizulu chikukuvutani, mawu akuti flu vaccine okhawo ndi okwanira, muwaonetse ndi khadi lanu.

Ndionjezere za amene matenda awo anakhazikika ndipo anaikidwa pa ndondomeko ya CCMDD, ija yotengera mankhwala ku famase kapena pamalo ena apafupi osalowa m'kiliniki. Ndondomekoyo ndi yabwino, imachepetsa mizere. Koma munthu woteroyo akhoza kutha miyezi ingapo osaonana ndi namwino, nyengo yonse ya katemera n'kumudutsa. Ameneyo achite kupitira dala.

WOULUTSA: Apite liti?

NAMWINO: Katemera amayamba kufika chakumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo. Kale nyengo ya fuluwenza ku South Africa inkayamba cha mu Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni n'kutha cha mu Ogasiti kapena Sepitembala. Amene amalengeza kuti yayamba ndi bungwe la NICD, limene lili ku Sandringham mu Johannesburg, ndipo limadziwa poyeza anthu odwala chifuwa m'zipatala zosiyanasiyana. Zaka zaposachedwazi yakhala ikufulumira. Mu 2024 inayamba mu Epulo, mu 2025 kumapeto kwa Malichi. Onjezerani apo kuti thupi limafuna masabata awiri chibayireni kuti lipange chitetezo. Mukuona nokha kuti wodikira mpaka atayamba kuvala majekete awiri wachedwa. Komabe ngati mwapezeka kuti ndi Juni ndipo simunabayitse, funsani ndithu. Nyengoyo imakhala isanathe, ndipo kawirikawiri mtundu wina wa kachilomboka umabwera kumapeto, wina utadutsa kale.

WOULUTSA: Pali omvera amene akunena kuti, ine ndinabayitsa chaka chatha, zanga zinatha.

NAMWINO: Denga la udzu simufolera kamodzi n'kuiwala, bambo. Chaka chilichonse mumakwera pamwamba mvula isanagwe. Zifukwa zake pano ndi ziwiri. Choyamba, chitetezo chimene katemerayu amapereka chimazilala miyezi ikamapita. Chachiwiri, kachilomboka kamasintha maonekedwe pang'onopang'ono, moti chitetezo cha chaka chatha chimakazindikira movutikira. N'chifukwa chake kuyambira mu 1952 WHO ili ndi gulu la malabotale m'mayiko ambiri, NICD ili momwemo, amene ntchito yawo ndi kutolera tizilombo ta fuluwenza n'kuona mmene tasinthira. Kawiri pachaka akatswiri amakhala pansi n'kusankha mitundu yoti ilowe m'katemera. Mu Febuluwale amasankhira mayiko akumpoto monga Britain, mu Sepitembala amasankhira akum'mwera monga South Africa. Amasankhiratu miyezi yambiri chisanu chisanafike chifukwa katemera wambiri amapangidwabe pomeretsa kachilomboka m'mazira a nkhuku, ndipo ntchito imeneyo imatenga pafupifupi theka la chaka.

WOULUTSA: Ndiye kuti pali kulosera pamenepo.

NAMWINO: Kulipo, ndipo sindibisa. Zaka zina amalasa bwino, zaka zina kachilomboka kamasintha katemera ali kale m'mabotolo. Chaka chimene alasa bwino, katemerayu amachepetsa mwayi wodwala ndi 40 mpaka 60 pa 100 aliwonse. Si ngati wa chikuku amene amatseka khomo pafupifupi lonse. Munthu wobayitsa akhoza kudwalabe, koma kawirikawiri amadwala mopepuka, ndipo mwayi woti afike pogonekedwa umachepa. Kwa mayi wa mimba ya miyezi isanu ndi iwiri kapena gogo wa nthenda ya mtima, kusiyana kumeneko ndi kwakukulu.

Za amayi oyembekezera umboni wake unachokera ku South Africa komweko, osati kutali. Pulofesa Shabir Madhi wa ku yunivesite ya Wits ndi anzake anachita kafukufuku ku Soweto mu 2011 ndi 2012, zotsatira zake n'kutuluka mu 2014. Anapeza kuti amayi obayidwa ali oyembekezera, fuluwenza inawachepera ndi pafupifupi theka, ndipo amayi amene anali ndi HIV anatetezekanso. Mwa ana obadwa kwa amayi opanda HIV, fuluwenza inachepanso ndi pafupifupi theka m'miyezi yoyambirira ya moyo wawo. Zimenezi n'zofunika chifukwa khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi silingabayidwe katemerayu, chonsecho ndi limene fuluwenza imalivutitsa kwambiri. Chitetezo chake chimachokera kwa mayi, chimadutsa lisanabadwe. Jakisoni mmodzi, anthu awiri.

(Nyimbo pang'ono)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene, tikukambirana za katemera wa fuluwenza m'makiliniki a boma ku South Africa. Mayi, ndikufunseni zimene zimakambidwa m'matakisi ndi pa WhatsApp. Wina akuti, mlamu wanga anabayitsa, patatha masiku atatu anagona ndi chimfine chadzaoneni. Jakisoniyo ndiye anamudwalitsa.

NAMWINO: Mu jakisoni ameneyu mulibe kachilombo kamoyo. Ndi tizidutswa ta kachilombo kophedwa kale, sitingaswane m'thupi. Chimene chimachitika ndi dzanja kuwawa pamene abayapo, mwina thupi kufunda pang'ono ndi kuphwanya kwa tsiku limodzi kapena awiri. Mlamu wanuyo mwina anali atatenga kale kachilombo asanabayidwe, mwinanso pamzere pomwepo, poti fuluwenza imatenga tsiku limodzi mpaka anayi kuti ionekere ndipo chitetezo chinali chisanapangike. Apo ayi, chinali chimfine china. Tizilombo toyambitsa chifuwa ndi chimfine tilipo tambiri, katemerayu amalimbana ndi fuluwenza yokha. Wa Covid-19 naye ndi wina, sateteza ku fuluwenza, ngakhale awiriwa akhoza kubayidwa tsiku limodzi popanda vuto.

WOULUTSA: Za kubereka?

NAMWINO: Amayi oyembekezera akhala akubayidwa katemerayu m'mayiko ambiri kwa zaka makumi angapo, n'kubereka, n'kudzaberekanso. Salowa m'njira ya ma ARV kapena mankhwala a chifuwa chachikulu. Amene sayenera kubayidwa ndi munthu amene thupi lake linakana koopsa atabayidwa katemera yemweyu m'mbuyomu, moti anatupa kapena kubanika. Amene watentha thupi kwambiri tsiku limenelo adikire achire kaye. Mamina okha si chifukwa chobwerera. Ngati mazira amakuwengani, muuzeni namwino, koma ambiri otere amabayidwa bwinobwino. Mwana wosakwana zaka 9 amene akubayidwa koyamba amafunika majakisoni awiri otalikirana mwezi umodzi, ndiye buku lake la sikelo musalisiye kunyumba.

WOULUTSA: Pali nkhani ina imene sitingailambalale. Abale athu ambiri amaopa kiliniki yeniyeniyo. Ena mapepala awo anatha, ena anamva kuti pazipata pamaima magulu a anthu ofunsa ziphaso n'kubweza alendo.

NAMWINO: Zimenezo zachitikadi m'makiliniki ena, ndipo mantha awo sindingawapeputse. Koma adziwe chimene lamulo limanena. Gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limapereka ufulu wopeza thandizo la chipatala kwa aliyense, silinena kuti nzika zokha, ndipo limaletsa kubweza munthu wofunika thandizo ladzidzidzi. Mu Epulo 2023 khoti lalikulu ku Johannesburg linagamula kuti amayi onse oyembekezera ndi oyamwitsa, pamodzi ndi ana osakwana zaka 6, ayenera kuthandizidwa ulere m'zipatala za boma, kaya ndi ochokera kuti, kaya mapepala awo ali bwanji. Munthu woima pachipata si namwino. Ngati zavuta, musakangane naye. Pitani ndi mnzanu tsiku lina, yesani kiliniki ina, kapena uzani a mpingo wanu kapena mabungwe othandiza anthu obwera. Chimene ndikupempha n'chakuti mayi woyembekezera asasiye sikelo, ndipo wa ma ARV asadumphitse mankhwala chifukwa cha mantha amenewa.

WOULUTSA: Tisawaiwale a ku Britain, poti ambiri kumeneko amagwira ntchito yosamala okalamba.

NAMWINO: Awo nyengo yawo ndi yotembenuka. A NHS amayamba kubaya cha mu Sepitembala ndi Okutobala, ulere kwa azaka 65 kupita m'tsogolo, oyembekezera ndi odwala matenda okhalitsa, ndipo ana ambiri amalandira wopopera m'mphuno kusukulu. Ogwira ntchito yosamala okalamba afunse kwa owalemba ntchito kapena ku famase.

WOULUTSA: Nanga kwathu ku Malawi?

NAMWINO: Kwathu katemera wa fuluwenza sali pa mndandanda wa akatemera amene boma limapereka ku sikelo. Koma nthendayo ilipo, ndipo siidikira chiperoni chokha, imapezekanso nthawi ya dzinja. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anapeza kuti akuluakulu amene ali ndi HIV amadwala fuluwenza kuposa kawiri poyerekeza ndi anzawo, ndipo ikawagwira imawagwira mwamphamvu. Chimene tili nacho m'manja ndi ichi: kumwa ma ARV mosadumphitsa, ndi kumalizitsa ana akatemera onse, makamaka wa chibayo amene anayamba kuperekedwa mu 2011, popeza chibayo ndi chimene chimatsatira fuluwenza.

WOULUTSA: Tinene kuti munthu wadwala kale. Ambiri amathamangira amoxicillin.

NAMWINO: Amoxicillin ndi makapisozi anzake amapha mabakiteriya, kachilombo ka fuluwenza sakakhudza n'komwe. Kumwa popanda chifukwa n'kungowononga mankhwala amene mudzawafune tsiku lina. Gonani, imwani madzi ambiri, Panado wa kutentha thupi. Mandimu ndi jinja palibe choipa, amafewetsa kukhosi. Ana musawapatse aspirin. Mankhwala olimbana ndi kachilomboka alipo, dzina lake oseltamivir, koma amagwira bwino akayambidwa m'masiku awiri oyambirira, ndipo amaperekedwa makamaka kwa a m'magulu aja ndinatchula. Choncho mayi woyembekezera kapena gogo akatentha thupi ndi chifuwa, asayambe wadikira kuti aone mmene kuchere mawa. Kupuma mobanika, kupweteka pachifuwa, milomo kuda, kusokonezeka mutu, mwana kukana bere kapena nthiti kulowa m'kati popuma, kapena munthu amene anayamba kupeza bwino kenako thupi n'kutenthanso, zonsezi ndi za kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndipo pali msampha wina umene ndi wathu ife apaulendo. Ambiri amapita kumudzi pa Khirisimasi kapena pa Pasaka n'kubwerera ku Joni pa basi kudzera ku Tete ndi Beitbridge. Patatha sabata imodzi kapena ziwiri thupi latentha, mutu, kuphwanya. Kunja kwayamba kuzizira, aliyense akutsokomola, ndiye iye mwini ndi namwino yemwe amati ndi fuluwenza. Chonsecho ndi malungo. Johannesburg ndi Cape Town kulibe udzudzu wa malungo, moti namwino sangaganize zoyeza magazi pokhapokha mutamuuza. Munthu akakhalitsa kunja, chitetezo chija anali nacho ali kumudzi chimatha, ndipo malungo akhoza kumupha m'masiku ochepa. Ndiye ngati munapita ku Malawi, ku Mozambique, ku Zambia kapena ku Zimbabwe posachedwapa, nenani musanafunsidwe n'komwe: ndachokera kudera la malungo, ndiyezeni. Kaya munabayitsa katemera wa fuluwenza kaya ayi.

WOULUTSA: Nthawi yatithera.



Sabata yamawa nthawi ngati yomweyi tidzakambirana za malungo a apaulendo amenewa mwatsatanetsatane, ndi mankhwala oyenera kumwa musananyamuke. Tsalani bwino.

(Nyimbo yotsekera)